Kutera Komaliza kwa a Kaputeni

Ku gulu la mahelikopita a asilikali ankamutcha Mikono, chifukwa ntchito yake inali kuima pabwalo n'kumakodola ndege ndi manja mpaka itatera. Kuuluka sanaulukepo. Anzake ankamuseka kuti ndi nkhuku yoweta akabawi, iye n'kumaseka nawo, mchenga uli m'mano.

Gululo linali lotchuka m'masiku ake. Linanyamula ovulala kunkhondo, linatola anthu pamadenga madzi atasefukira. Linalinso ndi mwambo: woyendetsa ndege akamwalira, helikopita inkadutsa chapansipansi pamanda pake. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Ndege zinakalamba, ina n'kumachotsedwa zitsulo kuti inzake iuluke, anthunso n'kumatha mmodzimmodzi. Mwa oyambitsa gululo munatsala Mikono ndi a Kaputeni, madala awiri opuma pantchito.

A Kaputeni atamwalira, mwana wawo wamkazi anafika kwa Mikono.

"Amalume, mpaka dzulo bambo amafunsa ngati ndege ibwere. Ndinawauza kuti inu mukonza."

Mikono anasita malaya n'kupita kukampu. Msilikali wa muofesi, mwana wadzulodzulo, anamulandira mwaulemu n'kumuperekeza kunyumba yosungira ndege. Helikopita yotsalayo inalimo, matayala ataphwa, pamalo pa injini pali bowo, nkhunda zitaipitsira galasi.

"Pepani bambo, injini tikuidikirabe."

"Chiyambire liti?"

"Ine ndinaipeza chonchi."

Mikono anaisisita pamphuno ngati ng'ombe yodwala. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anasowa mawu oti akauze mwana wa mnzake. Sanakamuuze.

Tsiku loika maliro kunja kunali mbee, tsiku labwino kuulutsa ndege. Mwana wa a Kaputeni uja ankangoyang'ana kumwamba, kenako kwa Mikono, kenako kumwambanso. Kunadutsa khwangwala basi.

Anyamata atayamba kutsitsa bokosi ndi zingwe, linapendekera kumutu. Mikono sanaganize n'komwe. Anangopezeka waima m'mphepete mwa dzenje, mikono yatambasuka. Anakodolera kumanzere, anyamatawo pothedwa nzeru n'kumutsatira. Anatsitsa zikhatho pang'onopang'ono, monga ankawachitira a Kaputeni akamabwera ndi ovulala kuli chimphepo. Bokosi linatsika mowongoka, n'kukhala pansi osagunda.

Pamenepo Mikono anapingasa mikono patsogolo pake. Pabwalo la ndege chizindikiro chimenecho chinkatanthauza kuti mwatera, zimitsani injini.

Kumbuyo wina ananong'ona kuti mdala wasokonezeka mutu. Mwana wa a Kaputeni anamugwira paphewa.

"Amalume, khalani pansi, mwatopa."

Mikono anayang'ana nkhope zonse zozungulira dzenjelo, kufuna mmodzi yekha wogwedeza mutu. Panalibe. Munthu yekhayo amene akanamva zimene ananenazo anali m'bokosimo.