Mawu a Amira ndi Makina a Bambo Ake

Che Kassim, telala wa pafupi ndi msika pa Boma la Chiradzulu, anali munthu wosatha kubisa kanthu. Akakwiya mumadziwa, akakondwa msika wonse umadziwa. Chimodzi chokha ndicho ankabisa: zoti amatchera khutu mwana wawo akamaimba.

Mwanayo, Amira, anali atangotha msinkhu. Chimulangizireni azimayi, anasiya kukhala pafupi ndi bambo ake. Akabweretsa madzi ankagwada patali, maso pansi, mawu ngati a munthu wodzapempha mchere. Ndiye muziti angaimbe pamaso pawo? Ayi ndithu. Koma masana akaweruka kusukulu, Che Kassim akangoyamba kupalasa makina pakhonde la nyumba, kuseri kwa khoma kunkayamba kaswida, nyimbo zotamanda Mulungu zimene mtsikanayo ankaphunzira ku madrasa. Akaimitsa makina kuti amve bwino, nyimbo nayo inkaima pomwepo. "Manyazi," ankatero chamumtima, n'kuyambanso kupalasa, kumatolera mawu a mwana wawo m'mipata ya phokoso.

Tsono utelala unali utafa. Anthu akuvala kaunjika, asoketsa chiyani? Mlamu wawo Sharif anaimba foni kuchokera ku Joni kuti malo apezeka, abwere msanga. Makina anawagulitsa kwa Mabvuto, telala mnzawo, ndipo anapangana kuti adzawatenge madzulo ulendo uli mawa. Za njira sankaziopa. Chimene chinkawadya mtima n'choti achoka asanamvepo mawu a mwana wawo bwinobwino, ngakhale kamodzi kokha, ndipo kumene akupitako sadzakhala ndi kanthu komukumbukira nako.

"Mwalimu wake wa ku madrasa ananena kuti azijambula mawu akamayeserera, azidzimvera yekha pamene akulakwitsa," anatero akazi awo, a Shamsa. "Ndiye ife tizikutumizirani pa foni. Koma foni yangayi ikajambula, mawu amamveka ngati munthu ali m'chitsime."

Basi, Che Kassim ananyamuka ulendo wa kumsika, kwa Silvesta wogulitsa zipangizo za mafoni. Ndipo amuna inu, Mulungu akukhululukireni, maso anu amathamangira chachikulu! Atangofika analoza chisipika chonenepa chokhala ndi matayala ndi timagetsi tothwanima, chofanana ndi zija zimagonthetsa anthu paukwati.

"Ndipatse icho. Mwana wanga ndi woimba."

"Akukaimbira pa msonkhano, Che Kassim?" anafunsa Silvesta.

"Kunyumba. Ndikufuna mawu ake alowe mu foni."

Silvesta anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ichi ntchito yake ndi kusokosa basi. Chikomekome cha mkuyu, bambo wanga. Mukachitenga nkhuku zonse za m'mudzi zisamuka, koma mu foni simulowa kanthu kabwino."

Anapisa dzanja m'kabokosi n'kutulutsa kanthu kochepa ngati chala, kokhala ndi chingwe chachitali ndi kachipewa ka siponji. Anati imeneyo ndiyo maiki, amaipana pakolala, chingwe n'kulowetsa mu foni. Che Kassim anakayang'ana monyoza. Kanthu kotereka, kotchipa chonchi, n'kunyamula mawu a mwana wa munthu? Anaona ngati mnyamatayo wawayesa amphawi, ndipo zinawapweteka chifukwa zinali zoona.

"Tayesani kaye," anatero Silvesta, akuwapana kamaikiko pamalaya. "Nenani chilichonse."

Che Kassim anakhosomola, anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'ona dzina la mwana wawo. Silvesta atawaika mahedifoni m'makutu, anamva mawu awoawo akuti "Amira" pafupi penipeni, ndi mpweya womwe. Phokoso la minibasi za ku Limbe linkamveka kutali ngati la mudzi wina. Anangoti kukamwa yasa.

Anagula kamaikiko, mahedifoni wamba ndi memore khadi yoti mawu azikhalamo. Silvesta anawatsanzika ndi malangizo: ajambulire m'chipinda, atseke chitseko, apachike nsalu m'makoma poti malata ndi simenti zimabweza mawu. "Ndipo pasakhale phokoso lililonse. Makina anu aja muwapumitse."

Nsalu ndiye sizikanasowa m'nyumba ya telala. Vuto linali chipinda. Amira sakanalowa kuchipinda kwa makolo ake, ndipo bambo sakanaponda kuchipinda kwa namwali. Motero Che Kassim anaima pakhomo n'kumapereka zitenje ndi mabulangete, a Shamsa akupachika mkati, iwo akulamula zinthu zimene sakuziona.

"Mwaphimba zenera?"

"Taphimba, bambo a Amira. Kapena mukufuna timutsekenso pakamwa?"

Tsiku lojambula linali lomwe lija Mabvuto ankadzatenga makina. Che Kassim anathamangitsira nkhuku kuseri, anapempha anansi kuti atsitse wailesi, n'kukhala pakhonde manja pamaondo. Mayi ndi mwana anadzitsekera mkati. Panyumba panangoti zii.

Amira anayamba. Mawu anatuluka onjenjemera, anayenda pang'ono, anathamanga, n'kuduka. Anayambanso, n'kudukanso pomwepo. Ulendo wotsatira sanafike n'komwe pakati. Kenako kunamveka kufwenthera.

A Shamsa anatuluka foni ili m'manja. "Zakanika. Akulira."

Mtima wa Che Kassim unawawa, ndipo monga achitira anthu ambiri ukawawa, anakalipa. "Manyazi ake omwewo! Ine ndili panja, sindikumuona, akuopanso chiyani? Mawa ndikupita ine. Kodi ndapempha ng'ombe?"

"Musakuwe, akumva."

Anamvadi. Chitseko chinatseguka pang'ono, Amira n'kugwada pakhomo, kamaiki kali pakolala, chingwe chikulendewera, masaya ali nyowe.

"Si manyazi, ababa," anatero motsitsa. "Kwachita zii kwambiri. Sindikudziwa poponda."

"Poponda?"

"Nyimbo zonse ndinaziphunzira inu mukusoka. Ndimatsata phazi lanu. Mukaima, ine ndimasochera."

Che Kassim anamuyang'ana mwana wawo. Nthawi yonseyi ankayesa kuti mwanayo amabisala kuseri kwa phokoso lawo, osadziwa kuti ankaimba nawo limodzi. Iwo ankadziona ngati wakuba womvetsera pakhoma, chikhalirecho ndiwo anali ng'oma yake. Chimwemwe ndi chisoni zinawafikira nthawi imodzi, moti anayang'ana kumbali ngati akufuna sizasi.

"Silvesta anati pasakhale phokoso," anatero mawu atasasa.

"Silvesta ali ndi mwana woimba?" anafunsa a Shamsa. "Khalani pa makinapo, inu."

Che Kassim anachotsa ulusi, anadontheza mafuta kuti makina asalire kwambiri, n'kuika mapazi popalasira. Chitseko anachisiya chotsegula pang'ono. Makina anayamba, tsekete tsekete tsekete, singano ikubaya mphepo. Mkati muja mawu anadzuka, poyamba mwamantha, kenako anaponda bwino n'kuwongoka, kukwera, kutsika, osaphonya. Pamene mwanayo ankakoka mpweya, phazi la bambo linkamudikira lokha osauzidwa.

Nyimbo itatha, a Shamsa anatuluka n'kuwaika mahedifoni. Mawu a Amira anali pafupi, oyera, okhwima kuposa msinkhu wake, ndipo pansi pake, kutali pang'ono, makina ankayenda naye. Che Kassim anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali tseke. Misozi inatsika yokha, ndipo sanavutike n'kuipukuta.

"Mwana wanga amaimba chonchi?" anafunsa mokweza, poti munthu wa mahedifoni sadziwa kuti akukuwa. "Mayi a Amira, mwanayu ndi wathu yemweyu?"

A Shamsa anaseka, nawonso akupukuta m'maso ndi mpango. Anawatumizira nyimboyo mu foni yawo pomwepo, kuti ulendo wa mawa asayende okha.

Apo n'kuti Mabvuto akulowa pabwalo ndi wilibala. Anapereka moni, n'kuima pambali mwaulemu, chingwe chomangira chili m'manja. Che Kassim anayang'ana makina, n'kuyang'ana kuchitseko. Iwo ndiye apeza chimene ankafuna. Nanga mwanayu, mkuja akaweruka kusukulu, adzaponda pati? Maganizo amenewa anawalasa.

Amira anali atatuluka kale. Anayenda chogwada mpaka pafupi ndi miyendo ya makina, pafupi kuposa mmene anafikirapo chilangizidwireni. Anamasula kamaiki pakolala pake n'kukapana pansalu yoyala pa thebulo la makinawo, foni ya mayi ake n'kuiika pambali.

"Ababa, mundijambulire makina okha. Osaimba munthu. Ndizidzaika m'makutu ndikamayeserera."

Che Kassim anatembenukira kwa Mabvuto.

"Achimwene, tandidikirani pang'ono."

"Palibe changu," anatero Mabvuto, n'kukhala pa wilibala yake.

Che Kassim anapalasa. Anapalasa mosamala kuposa mmene anasokerapo diresi la mkwatibwi aliyense, osathamanga, osazengereza, akuima pang'ono pamalo pamene ankadziwa kuti mwanayo amakokera mpweya. Miyendo itayamba kulemera anachepetsa, kuti aime.

Amira anagwira mwendo wa makina, maso ali pansi.

"Musaime kaye, ababa. Pali ina yaitali imene sindinaiphunzire."

Che Kassim anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, n'kupitiriza kupalasa.