Dzina Lobisika pa Belu la Kuphiri

Hopewell Makwinja ankawotcherera zitsulo ku Matawale, pa kashedi ka malata m'mphepete mwa msewu. Ntchito yake inali mageti, mafelemu a mawindo ndi njinga za kabaza zikathyoka. Belu anali asanaligwirepo.

Analibweretsa ndi mayi Juliana, mkulu wa mpingo pa katchalitchi ka pamwamba pa phiri la Zomba, komwe kumapemphera ocheka matabwa ndi olima mbatata. Linali m'thumba la feteleza, lolemera mwakuti wanjinga anachita kulikhwekhwereza polilowetsa.

"Lang'aluka, bambo," anatero mayiwo. "Anatisiyira ndi malemu bambo athu. Mulisamale."

Belulo linali lopakidwa penti wobiriwira, wina pamwamba pa mnzake. Pofuna kuona pomwe mng'alu wathera, Hopewell anayamba kupala. Panatuluka mkuwa, kenako chithunzi cha nangula, kenako zilembo: FENWICK SOUND 1943.

Masana anzake atapita kukadya, iye analemba dzinalo pa foni. Anapeza tsamba la anthu osonkhanitsa mbiri za sitima zakale, pali chithunzi cha sitima yotuwa yokhala ndi milongoti yokwezera katundu. Inali ya asilikali apamadzi, koma osati yomenyera nkhondo. Mfuti inali nayo imodzi yokha, kumbuyo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkanyamula ufa, zipolopolo, mankhwala ndi matayala kuchoka ku Durban, kudzera ku Mombasa mpaka ku Colombo. Ulendo wina inanyamula abulu opita kwa asilikali ku Burma. Nkhondo itatha inakhala padoko ikuchita dzimbiri, kufikira wamalonda wina wa ku Mozambique anaigula n'kuitcha Dona Elvira. Apo tsambalo linathera ndi mawu akuti mapeto ake sakudziwika.

Hopewell anali asanaonepo madzi aakulu kuposa Chilwa. Anakhala akuliyang'ana belulo, akudzifunsa kuti chinthu chomwe chinafika ku Burma chinakwera bwanji phiri la Zomba.

Atamaliza kuwotcherera sanadikire kuti adzalitenge. Loweruka analimanga pa njinga yake yamoto n'kukwera msewu wokhotakhota uja, kudutsa ogulitsa masitiroberi, mpaka m'mitengo ya paini. Anapeza mayi Juliana ali ndi achimwene awo, a Yesaya, nkhalamba yomwe maso anali atachita chifunga, atakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchi kuothera dzuwa.

Atalonjerana, Hopewell anafunsa ngati bambo awo anagwirapo ntchito pa sitima yotchedwa Fenwick Sound.

"Feni chiyani? Ayi, mwasokoneza," anatero a Yesaya. "Bambo athu, a Gilson, anali khukhi pa Dona Elvira. Imanyamula simenti ndi kokonati, Beira, Quelimane, Nacala, n'kubwereranso."

"Ndi yomweyo, agogo. Inangosinthidwa dzina. Poyamba inali ya asilikali."

"Ya asilikali? Chiphapha chija?"

Hopewell anawawerengera zonse, mayi Juliana akusuzumira chithunzicho. Atafika pa abulu, a Yesaya anamugwira mkono.

"Bwerezani pamenepo."

Anabwereza.

"Juliana, wamva? Mphete zija."

Mayi Juliana anayamba kuseka, dzanja lili pakamwa. Anafotokoza kuti bambo awo ankakonda kusimba za chipinda cha pansi pa sitimayo, chomwe m'makoma mwake munali mphete zachitsulo zondandalikana, zofika m'chiuno, ndipo palibe ankadziwa ntchito yake. Ankatinso kukachita chinyezi m'chipindamo munkanunkha khola. Anzawo ankawaseka kuti apukwa kumudzi.

"Anamwalira tikuwayesa okokomeza nkhani," anatero mayiwo. Kuseka kuja kunazirala, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga inathera kuti?" anafunsa Hopewell. "Olembawa sakudziwa."

A Yesaya anati kunabwera chimphepo, injini inazima, sitima n'kukatitimira m'matope pa mathiriro a mtsinje wina kumpoto kwa Quelimane. Sipanafe munthu. Madzi ataphwera onse anatsika n'kuyenda m'thope lofika m'mawondo. Aliyense anatola chomwe akanatha kusenza. A Gilson anasiya sutikesi yawo n'kumasula belu, poti ndiwo ankalipukuta m'mawa uliwonse. Anatsika nalo pa siteshoni ya Limbe litakulungidwa m'bulangeti, ndipo atapeza ntchito yophikira a zankhalango kuphiri kuno, analipereka ku tchalitchi. Penti anayamba kupaka ndi achinyamata a mpingo, a Gilson atakalamba.

"Mtsinjewo dzina lake?"

"Ankautchula, koma landithawa."

Anathandizana kulipachika pa mtanda wa mtengo wa bulugamu. Litalira, liwu lake linali lalikulupo ndi losasa pang'ono. Mayi Juliana anati bola likumveka kumunsi kwa ocheka matabwa.

Hopewell sanafulumire kutsika. Anakwera pa mwala pomwe netiweki imagwira, n'kutsegula mapu a zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Anatsata gombe ndi chala, mtsinje ndi mtsinje. Pa mathiriro ena anaona chinthu chakuda, chachitali, chosongoka mbali imodzi, chitagona m'matope.

"Ndi imeneyo," anatero mayi Juliana, omwe anali atamutsatira pamwalapo atawagwira dzanja achimwene awo.

"Ungakhalenso mchenga, mayi."

A Yesaya, omwe sakanatha kuona, anafunsa kuti mutu wake waloza kuti.

"Kumtunda," anayankha Hopewell.

"Bambo ankati unaloza kunyanja. Kaya, mwina madzi anaitembenuza."

Chifunga chitayamba kutsika m'mapaini, Hopewell anatsanzika. M'masabata otsatira anapezanso zinthu zina ziwiri zakuda pa mitsinje ina, ndipo sanathe kutsimikiza ngakhale chimodzi. A Yesaya anatenga chizolowezi chomuimbira pa foni ya alongo awo, nthawi zambiri iye ali pakati pa ntchito, kudzamuuza dzina la mtsinje lomwe lawabwerera. Hopewell ankazimitsa makina, n'kulifufuza. Lina linapezeka kuti ndi la mtsinje wa ku Mulanje.