Phazi la M'galasi

"Khasu ndanola kale. Lachisanu tikangotuluka mumzikiti, tikukafukula."

Anatero amuna anga, a Abdallah, akuliimika khasulo pakhonde pomwe ndinkasokera. Ndinasiya kupukusa makina. Mlongo wanga Binali, amene anabwera kudzandiona, anadzuka pabenchi ya makasitomala pang'onopang'ono.

"Alamu, mukakumbe kumanda chifukwa cha mabodza a m'misika?"

"Chifukwa cha mwendo wa mlongo wako. Ngati uli momwemo, ukuopa chiyani?"

Mwendo ankalimbiranawo unali wanga, wa kumanja. Lole ya mchenga inagunda kabaza amene ndinakwera pamsewu wa ku Senga Bay, ndipo madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Ife Asilamu sititaya chiwalo cha munthu ngati zinyalala. Ine ndili chigonere m'chipatala, amuna anga ali ku nsomba kuchilumba cha Mbenji, Binali ndiye anaulandira, kuukulunga m'nsalu yoyera n'kukauika kumanda. Bala linapola bwinobwino. Ndinaphunzira kuyendera ndodo, makina a phazi ndinasinthitsa ndi a pamanja, ndipo madiresi anga sanasiye kuvalidwa m'maukwati. Musandimvere chisoni, ine ntchito yanga imandidyetsa mpaka lero.

Koma phazi lija linakana kupita. Zala zake zinkapindikira pansi n'kumangika, ngati wina waziponda ndi chidendene n'kuiwala kuchotsapo. Zinkayamba ndikudula nsalu, ndikuswali, ndikuseka ndi anzanga. Ndinkatambasula dzanja kuti ndizigwire, n'kugwira mphepo. Zinkapweteka, anthuni, zinkapweteka mpaka ndinkaluma chitenje.

Madokotala ndinawayendera mpaka mphira wa kundodo unatha. Wina anandipatsa panado. Wina anandipatsa bufeni n'kundiuza kuti ndizimwa madzi ambiri. Wina, wa tayi yake yofiira, anasuzumira pansi pa tebulo n'kumwetulira.

"Mayi, phazi lake liti? Amenewo ndi maganizo chabe."

Ndinamuuza kuti maganizo ndili nawo ambiri, koma sakhala kuzala.

Madokotala atalephera, anthu a m'mudzi anayamba udokotala wawo. Ena ankati mwendo unaikidwa wopindika, ndiye ukufuna kuwongoledwa. Ena ankanong'ona zoipa kuposa pamenepo. Binali anali atagula bwato la injini chaka chomwecho, ndiye ankati mwendowo sanauike n'komwe, anaupereka kwa anthu a zizimba. Amuna anga si munthu woipa ayi. Anangotopa ndi kundiona ndikubuula iwo alibe chochita, ndiye anafuna munthu woti amuloze chala.

Ndinkadziwa kuti khasu likangolowa m'manda muja, ubale watha. Akaupeza mwendowo, Binali sadzakhululuka. Akapanda kuupeza, poti mchenga wa kwathu kuno susunga chinthu, anthu adzamuotchera bwato n'kumuthamangitsa m'mudzi. Ine mlongo ndili naye mmodzi yekha.

"Bambo a Raisa, ndipatseni mpaka Lachinayi," ndinawauza amuna anga. "Ndamva kuti kuchipatala kuli dokotala woona za ululu wokhawokha. Akalephera ameneyo, khasu ndidzanyamula ndekha."

"Ndi ndodo zakozo?"

"Mudzaona."

Chipinda cha dokotalayo chinali kumapeto kwa khonde lalitali, kumene anthu amati kumapita okhawo amene atsala pang'ono kutsanzika. Zimenezo sizinandiopse. Ndinapezamo mayi wamfupi, wa mawu otsika, amene manamwino ankamutchula kuti adokotala a Thokozani. Ndinalowa mawu ali kale kukamwa.

"Adokotala, ndisakutayitseni nthawi. Likundipweteka ndi phazi lomwe kulibe. Ngati museke, sekani msanga ndizipita, minibasi ingandisiye."

Sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi chitsa cha mwendo wanga.

"Zala ziti kwenikweni?"

Chidulireni mwendo, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo funso limenelo.

"Chachikulu ndi chotsatana nacho," ndinayankha, mawu atachepa. "Zapindika."

"Zimabaya, zimatentha, kapena zimakoka?"

"Zimakoka. Kukazizira ndiye zimabayanso."

Anandifunsa zambiri: mmene ndimagonera, chimene chimayambitsa, chimene chimachepetsako. Anagwiragwira chitsa chija mosanyansidwa. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Ululuwo ndi weniweni, mayi. Mwendo anadula, koma ubongo wanu sunamve kuti mwendo wapita. Ukutumabe uthenga woti zala ziwongoke, yankho osabwera, ndiye ukungokuwa. Ndikupatsani timapiritsi tofatsitsa mitsempha. Koma pali china chimene ndikufuna tiyese."

Anatulutsa galasi lalitali kuseri kwa kabati. Anandikhazika pabedi nditatambalala, n'kuliimika pakati pa miyendo yanga, mbali yoonera italoza mwendo wamanzere. Chitsa chija chinabisika kuseri kwake.

"Yang'anani m'galasimo."

Ndinayang'ana. Miyendo iwiri! Mapazi awiri, zala zonse zilipo, zikhadabo n'zomwe.

"Subhanallah!" ndinakuwa.

"Pindani zala za phazi lanulo. Tsopano ziwongoleni pang'onopang'ono, maso asachoke m'galasi."

Ndinawongola, ndipo phazi la m'galasi linawongolanso. Poyamba sindinamve kanthu. Ndinabwereza, n'kubwerezanso, mumtima ndikuti ndayamba masewera a ana ndi imvi zangazi. Ndiye chinachake chinamasuka kuseri kwa galasi kuja, kumene kunalibe kanthu, ngati mfundo ya ulusi ikagonjera singano. Zala zija zinagona. Ndinalira mokweza, moti namwino anasuzumira pakhomo.

"Si matsenga, ndipo sindikulonjeza kuti zitheratu," anatero adokotala, akundipatsa kansalu kopukutira misozi. "Ena zimawathandiza, ena ayi. Ululu ubweranso, mwina lero lomwe. Muzichita zimenezi m'mawa ndi madzulo mpaka ubongo uzolowere, ndipo muzibwera tizionana."

Ndinawafotokozera za khasu lija ndi za mlongo wanga.

"Za kumanda sindingaweruze ine," anatero. "Koma galasi lalikulu muli nalo kunyumba?"

"Adokotala, ine ndine telala."

Pamenepo ndiye anaseka.

Sananame. Ndisanatsike n'komwe minibasi, zala zinali zitayambanso kukoka, ndipo mpaka lero zimabwerabe zikafuna. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndili ndi pozigwirira. Amuna anga sindinawauze kanthu tsiku limenelo. Ndimawadziwa: nkhani ya m'makutu amaitsutsa, amagonjera ya m'maso.

Lachisanu masana, anthu atatuluka mumzikiti, ndinawaona akubwera awiriwo, wina mbali iyi ya msewu, wina mbali inayo. Ine ndinali nditayala mkeka pakhonde, nditatsitsa galasi limene makasitomala amadziyang'anirapo. Binali anaima pansi pa masitepe, osakwera.

"Tiyeni alamu, ndikakulozereni malo ake," anatero. "Koma tikabwerako, moni wanu musadzandipatsenso."

"Musanapite, bambo a Raisa," ndinatero ine, "tandigwirirani galasili. Likungogwa."

"Nthawi ino ndi yodziyang'anira pagalasi?"

"Gwirani. Manda sathawa."

Anang'ung'udza, koma anawerama n'kuligwira ndi dzanja limodzi, cha kumapazi kwanga. Ndinaliika bwino pakati pa miyendo monga anandionetsera adokotala.

"Binali, kwera kuno. Ima kumbuyo kwangaku uyang'ane."

Anakwera monyinyirika. Ndinamva mpweya wake ukuduka pamwamba pa mutu wanga. Ndinagwedeza zala, ndipo mapazi onse awiri anagwedeza.

"Mmene ndamvera kwa dokotala wa dzulo uja, vuto silili kumanda," ndinawauza. "Lili m'mutu mwangamu, koma osati misala. Ubongo ukufuna kuona phazi likuwongoka. Ukaona, zala zimandisiyako."

Amuna anga anasuzumira mbali yathu, n'kudzidzimuka. Binali atalankhula, mawu ake anali a munthu wina.

"Si limenelo, achemwali."

"Ndikudziwa, ndi chithunzi cha lamanzereli."

"Lanu lija linali ndi chipsera pachidendene, cha mbedza imene munaponda tili ana." Analoza chidendene cha m'galasimo. "Ndinachiona ndikulisambitsa. Linali ndi mchenga wa pamsewu m'zala, ndinauchotsa wonse. Zalazo ndinaziwongola ndekha, chimodzichimodzi, ndisanakulunge. Wallahi, Mulungu ndi mboni, sindinaliike lopindika."

Chifikireni nkhaniyi, mlongo wanga anali asananenepo zimenezi. Ankangokana kuti sanagulitse, ndipo kukana aliyense amakana. Mtima unandipweteka kuti ndinamusiya yekha ndi katundu wotere nthawi yonseyi. Chipseracho amuna anga ankachidziwa bwino, pakuti ankandiseka nacho tili achinyamata. Galasi linayamba kunjenjemera m'dzanja lawo.

"Gwirani bwino, bambo, mukundigwedezera mwendo," ndinatero.

Palibe anaseka. Ndipo ngati kuti zinkamvetsera, zala zija zinagwira nthawi yomweyo, mwamphamvu, mpaka ndinakanda mkeka ndi zikhadabo. Thukuta linatsika m'khosi. Ndinayesa kuwongola ndekha, koma phazi lamanzere nalo linali litauma ndi ululuwo.

"Binali," ndinatero mano ali okukuta, "chita monga unachitira tsiku lija."

Anazungulira n'kugwada pamkeka. Anatenga phazi langa lamanzere m'manja mwake, manja okhakhala a munthu wokoka makoka a nsomba, misozi ikugwera pandevu. Anazengereza, osadziwa poyambira.

Amuna anga anagwada nawonso. Anagwira galasi ndi manja onse awiri, n'kulipendeketsa pang'ono kuti ndione bwino.

"Alamu," anatero chapansipansi, "yambirani chachikulucho. N'chimene chimamuvuta."

Binali anayambira chachikulu. Ine maso anali m'galasi, mmene mlongo wanga ankawongola zala za phazi langa lamanja, chimodzichimodzi.