Wezulo ya Kamvuluvulu

Pa siteji ya akabaza ya pafupi ndi positi ofesi panalibe amene ankakumbukira dzina lenileni la Kamvuluvulu. Ngakhale apongozi ake ankamutchula choncho, ndipo sikuti ankamuyamikira ayi. Mkuluyu akakwera njinga yamoto, mapepala a m'mbali mwa msewu ankanyamuka n'kumuperekeza. Wokwera kumbuyo kwake ankatsika atalapa machimo ake onse, n'kuwonjezerapo a makolo ake. Kawotchi kosonyeza liwiro kanafa kalekale, muvi wake unangogona pa ziro, ndipo mwini wake ankati n'kaulemu, sikafuna kuwerenga zinthu zoposa msinkhu wake. Anzake anamusankha kukhala tcheya wa siteji chifukwa cha zomwezi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya mumtima tcheyayu. Mkazi wake sankakwera njinga yake.

Mayiyu ankaphika makeke a maukwati, ndipo kale ankawaperekera pa njinga ya mwamuna wake. Zinathera pa keke ina ya nsanjika ziwiri, yokhala ndi tizidole tiwiri pamwamba, mkwati ndi mkwatibwi. Anafika nayo pa holo anthu asanayale n'komwe mipando. Atatsekula katoni, anapeza nsanjika yapamwamba itasamukira pambali, mkwati atamira mutu mu kirimu miyendo ili m'mwamba, mkwatibwi osaoneka. Anamupeza pambuyo pake atamatirira ku chivundikiro.

"Komatu tafika msanga," anatero Kamvuluvulu.

Mkazi wake anangomuyang'ana, n'kubwerera kunyumba pa minibasi. Kuyambira pamenepo anayamba kukwera njinga ya Nkhono.

Nkhono anali mdala wa pa siteji yomweyo, wa imvi m'ndevu, woyenda modekha moti ntchentche zinkapumira pa helemeti yake ulendo uli mkati. Anyamata a njinga zakapalasa ankamuimbira belu kuti awapatse njira. Ndiye taganizani, m'mawa mayi uja ankafika pa siteji atanyamula katoni, n'kupereka moni mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji abambo," kenako n'kuilambalala njinga ya mwamuna wake, kukakhala pa ya Nkhono. Anyamata ankasekera m'mahelemeti. Kamvuluvulu ankapukuta galasi loona kumbuyo lomwe linali loyera kale, mtima ukuwawa ngati waponda moto.

Kunyumba anayesapo kudandaula. Anamupeza mkazi wake kukhitchini akumenya mazira m'beseni, ufa uli mpaka m'zigongono.

"Amayi, mukundichititsa manyazi pagulu. Ine tcheya, mkazi wanga azikwera njinga ya mwamuna wina?"

"Keke sidziwa utcheya, abambo. Imangodziwa mabampu."

"Inali ngozi imodzi yokha."

"Tsiku limene ndidzakuoneni mukuyenda ngati munthu amene kunyumba kuli womudikira, ndidzakwera. Tandipatsirani shugayo."

Zinthu zili choncho, akhonsolo ya mzinda anadzala zikwangwani pakati pa tauni ponse, nambala 30 itazingidwa ndi mzere wofiira. Pa siteji panali ngati pagwa maliro, koma maliro ake aphokoso.

"Sate? Bola tingotsika tizikankha," anatero wachiwiri kwa tcheya, mnyamata wovala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula.

"Injini imadwala ikamayenda chonchi aise. Funsani makaniko aliyense."

"Oyenda pansiwo ndiwo aphunzire kuwoloka mothamanga. Ife tatani?"

"Amene wapanga lamuloli sanayambe wanyamulapo munthu wochedwa ku ntchito akukutsina m'nthiti."

Nkhono analiyang'ana nthawi yayitali chikwangwanicho, n'kupukusa mutu. "Sate," anatero. "Koma akutithamangitsiranji anthuwa?"

Onse anali kuyang'ana tcheya, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Kamvuluvulu anakwera pamwala umene ankakhalira podikira makasitomala, n'kukonza kukhosi.

"Akufuna pang'onopang'ono? Tiwapatsa pang'onopang'ono mpaka akhute. Loweruka m'mawa, tauni itadzaza, masiteji onse tidzandande mumsewu waukulu, tiziyenda ngati tikuperekeza wodwala. Galimoto zidzaime, mabwana adzalire. Ine ndidzakhala kutsogolo, ndipo lamulo ndi limodzi: palibe wondipitirira. Tikadzafika pa raundabauti ndidzaimba wezulo. Pamenepo aliyense adzapotokole mafuta mpaka kumapeto, tiwasiyire utsi kuti adziwe kusiyana kwake."

Anamuombera m'manja, ena mpaka kuliza mahutala. Wamagalasi anathamanga kukagula wezulo yatsopano n'kumukoleka m'khosi.

Masana ake Kamvuluvulu anapita pa bwalo la mpira la kuseri kwa sukulu kuti akangoyeserera pang'ono, chabe mwamwambo. Analowetsa giya yoyamba, n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Njinga inayamba kudzandira. Anaiwongolera kumanja, iyo inafuna kumanzere. Mapazi anatsika okha n'kuyamba kupalasa pansi ngati bakha. Kenako injini inatsokomola n'kuzima. Anayesanso, inazimanso. Ulendo wina anafika nayo mpaka pagolo, koma anakatsikira mumpanda wa maluwa, njinga ili pamwamba pake.

Ali chigonere m'maluwamo, choonadi chinamufikira. Zaka zonsezi sanali iye amene ankaimika njinga, linali liwiro. Njinga yothamanga imadziimika yokha, koma yoyenda pang'onopang'ono imafuna mwini wake. Ndipo mwini wakeyo, tcheya wa siteji, amene amayenera kutsogolera mzinda wonse Loweruka, sankatha. Anachita mantha enieni. Anadziona akugwa patsogolo pa gulu lonse, njinga zonse zikugwerana kumbuyo kwake ngati mbale pa shelefu.

Paja amati mwamuna mnzako ndi pachulu. Anameza malovu n'kupita kukagogoda kwa Nkhono.

Mdalayo anamvetsera mpaka kumapeto osaseka, ndipo zimenezi zinamuwawa Kamvuluvulu kuposa kusekedwa. Kenako anatulutsa ndowa, n'kuidzaza madzi, n'kuimangirira pampando wakumbuyo ndi mphira.

"Uyu ndi kasitomala wanu, atcheya. Akatsike ali wathunthu."

"Mdala, ine ndangofuna mundiuze chinsinsi chake basi."

"Chinsinsi ndi chimenechi. Kilatchi musaisiye yonse, muigwire pakati. Phazi ligone pa buleki yakumbuyo, lisaponde, lingogona. Mawondo akumbatire thanki. Ndipo musayang'ane tayala, tayala silinakulakwireni. Yang'anani kumene mukupita."

Anazungulira bwalo lija mpaka dzanja lamanzere linachita dzanzi. Kasitomala wa m'ndowa ankamukhuthukira mumsana pa kona iliyonse. Tsiku loyamba anafika kunyumba thalauza ili chonyowa kuyambira m'chiuno mpaka m'nsapato. Mkazi wake anamuyang'ana, n'kusuzumira panja pomwe dzuwa linali phwee.

"Kwagwa mvula kumene munaliko, abambo?"

"Ya m'dera limodzi," anayankha, n'kulowa kuchipinda.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika Lachisanu ndowa inkabwerera kwa mwini wake ili ndi madzi okwanira kuchapira malaya, ndipo Nkhono anagwedeza mutu kamodzi.

Loweruka linafika. Njinga zinadzaza msewu waukulu kuyambira pa positi ofesi mpaka kumene maso amalekezera. Kamvuluvulu anali kutsogolo, msana uli chilili, mawondo atakumbatira thanki, wezulo ikulendewera pachifuwa. Kumbuyo kwake kunali chipwirikiti, chifukwa vuto lake lija silinali lake yekha. Anyamata ankapalasa mapazi, injini zikuzima, wina akugunda mnzake n'kumutukwana. Wamagalasi anali atavula magalasi kuti aone bwino pogwera. Munthu mmodzi yekha ndiye ankasangalala, Nkhono, amene ankapereka moni kwa anthu a m'mashopu ngati tsiku lobadwa lake. Kumbuyo kwenikweni maminibasi ndi magalimoto anali ataima, mahutala akulira.

Atadutsa pa banki, Kamvuluvulu anaona kudzanja lake lamanzere katoni yaikulu ikumupitirira. Inali ndi miyendo. Pansi pa katoniyo panali mkazi wake, thukuta lili kamukamu, atavala diresi yake yopitira ku maukwati.

"Ndinu mwatseka tauni, abambo?"

"Tili pa zionetsero, amayi."

"Zionetsero zanuzo zanditengera a Nkhono, zanditsekeranso minibasi. Keke iyi ndi ya nsanjika zitatu. Ndiifikitsa bwanji ku holo, pamutu?"

Kamvuluvulu maso anali kutsogolo monga anaphunzitsidwira. Mayi uja anayenda naye limodzi, phazi ndi tayala. Anayang'ana mapazi a mwamuna wake, onse ali pa zopondera. Anayang'ana chiwongolero, chili zii osagwedera. Panali kadzenje mumsewu, ndipo anaona mwamuna wake akukalambalala mwaulemu ngati akudutsa pamaso pa apongozi.

"Taimani," anatero.

Tcheya anatsitsa phazi, ndipo kumbuyo kunamveka kugundana kwa zitsulo mpaka kutali. Mkazi wake anakhala chammbali pampando, katoni pamiyendo, dzanja limodzi litagwira katoniyo. Dzanja linalo analizunguliza m'chiuno mwa mwamuna wake. Kamvuluvulu anamva dzanjalo kudutsa jekete, kudutsa malaya. Anali ataliiwala kulemera kwake, ndipo anasangalala moti anatsala pang'ono kuzimitsa injini.

Ananyamukanso bwinobwino. Koma raundabauti inali ikuyandikira, ndipo anyamata kumbuyo anayamba kulirisa injini, otopa ndi manyazi, ofuna kubwezera.

"Atcheya, konzekani!" anakuwa Wamagalasi.

Kamvuluvulu anaika wezulo pakamwa. Analowa pa raundabauti. Mpweya unali utadzaza kale m'masaya. Akanangouzira, dzina lake likanamveka m'masiteji onse mpaka adzukulu. Koma wouzira wezulo ndiye anayenera kuyamba kuuluka, apo ayi gulu lonselo likanamupyola mbali zonse ziwiri ngati madzi osefukira, ndipo pamiyendo pa mkazi wake panali mkwati ndi mkwatibwi ena awiri osalakwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Anazungulira raundabauti yonse wezulo ili chete, gulu likumutsatira.

"Atcheya, wezulo!"

Anazunguliranso kachiwiri. Mutu wa mzere unakumana ndi mchira wake, moti Nkhono, amene anali kumchirako, anamukwezera dzanja.

"Abambo," anatero mkazi wake chapansipansi, pafupi ndi khutu, "keke ichita chizungulire. Holo ili kumanzereku."

Kamvuluvulu analavula wezulo, n'kukhotera kumanzere.

Lamulo linali lake lomwe, loti palibe wopitirira tcheya, ndipo akabaza ngakhale amakangana ndi malamulo a khonsolo, a pa siteji amawasunga. Choncho gulu lonse linakhotera kumanzere. Ena ankaganiza kuti ndi nzeru zatsopano. Anthu m'mbali mwa msewu anayamba kuomba m'manja. Gogo wina anawoloka msewu pakati pa njingazo osathamanga, n'kuima pakatikati kuwathokoza. Wapolisi wapamsewu amene anabwera ndi ukali wake wonse anasowa womugwira, mapeto ake anangoimika magalimoto kuti anyamata omvera lamulowa adutse.

Pa geti ya holo, achibale a mkwati anaona keke ikubwera moperekezedwa ndi njinga zosawerengeka, ndipo anatulutsa mafoni. A kuchikazi anayamba kunong'onezana kuti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu wodziwika. Mayi uja anatsika, n'kuika katoni patebulo la pakhonde, n'kutsekula. Kamvuluvulu anatseka maso. Atawatsekula, anaona nsanjika zitatu zili chilili, mkwati ndi mkwatibwi ataima pamwamba mapewa atagundana, opanda ngakhale kadontho ka kirimu pa nsapato.

Utcheya unathera pa geti pomwepo. Wamagalasi anabwera n'kumuvula wezulo m'khosi, ndipo msonkhano wa mphindi zochepa unagamula kuti dzina loti Kamvuluvulu silikumuyeneranso. Kuyambira tsikulo anakhala Wamakeke. Zikwangwani za 30 zinatsala pomwe zinali, ndipo m'tauni munamveka mbiri yoti akabaza anachita perete wosangalalira lamulo latsopano. Zinamupweteka, tisaname. Dzina limene munthu walipangira zaka, n'zipsera m'mawondo, silichoka ngati chipewa.

Lolemba m'mawa anafika pa siteji n'kuimika njinga kumapeto kwa mzere. Anyamata ankayang'ana kumbali. Posakhalitsa mkazi wake anatulukira ndi katoni. Anapita pomwe panali Nkhono, n'kupereka moni mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji agogo," kenako n'kuilambalala njinga yake, kudutsa mzere wonse, kukakhala pa ya mwamuna wake.

"Ndowa yanga ija mubweze," Nkhono anadandaula. "Ndaphunzitsa munthu wondilanda kasitomala."

Analowa mumsewu waukulu. Anadutsa pa banki, n'kulambalala kadzenje kaja. Mnyamata wa njinga yakapalasa anawaimbira belu n'kuwapitirira.

"Abambo," anatero mkazi wake, "chikwangwanitu chikuti sate. Onjezerani pang'ono, keke ndi ya lero."

Anamva bwinobwino, poti masiku ano mphepo sinkamutsekanso makutu. Koma dzanja lija linali m'chiuno mwake, ndipo kumene ankapitako sikunali kutali. Sanaonjezere.