Chipilala cha Kumpanda

Ndinkayanika zovala pamene mwana wanga wamkazi anatulukira ali wefuwefu.

"Amayi, abambo aang'ono atenga hamala. Akuti aphwanya chipilala cha adadi."

Zipilalazo zinalipo zinayi, za konkire, kudimba kuseri kwa nyumba. Amuna anga anaziumba kuti pakhale kanyumba kosungiramo makasu ndi mbewu, koma matenda anawatenga asanamange. M'mbali mwa chipilala cha kumpanda munatsala chidindo cha chala chawo, pomwe anadina poona ngati simenti yauma. Ndikamathirira ndimachisuzumira.

Ndinasiya malaya m'beseni. Ambuye, ndigwirireni lilime.

Ndinapeza alamu anga, mng'ono wa malemu, ali thukuta kamukamu. Felemu yamatabwa imene anakhoma dzulo lake, yoti ikhale pansi pa kanyumbako, inali itagona pa zipilala zitatu. Kona yachinayi inali lende, itaphonya chipilala cha kumpanda.

"Alamu, chonde, chimenecho ayi."

"Ndiye ndikhazike pamphepo? Achimwene ankayeza ndi maso, ntchito zawo zonse zokhota. Ine ndizingowongola za anthu akufa?"

"Akufawo ndi abale anu."

"Mwaona? Munthu kudzathandiza, zikomo wake mwano. Inu tepi yoyezera munaigwirapo chibadwire? Bwererani kochapa uko!"

A kalipentala oyandikana nafe, bambo osayankhulayankhula, anali atamva phokosolo. Analowa pageti, n'kuyamba asuntha kaye mbande zanga za tomato zimene alamu ankangoziponda. Kenaka anati, "Mayi, tabwerekani chingwe."

Ndinakamasula chingwe choyanikira zovala chija, chikadali chonyowa.

Anachikoka kuchokera pachipilala china kufika cha kona yopingasana nacho, n'kumanga mfundo. Anayesanso makona awiri otsalawo. Mfundo inagwera pomwepo. Atayesa felemu, mbali ina mfundo inapitirira, mbali ina inaperewera.

"Zipilala zili bwino, bambo. Yapendama ndi felemu. M'litali ndi m'lifupi munayeza, koma simunapingase chingwe."

"Wakuitanani ndani inu? Mudzandiphunzitse ntchito pakhomo pa mbale wanga?"

A kalipentala anauza mwana wanga kuti apondereze kona ina, iwo n'kutsamiza phewa pa kona yolendewerayo. Misomali inalira. Felemu inasendera pang'onopang'ono mpaka inakhala pa zipilala zonse zinayi, khathi.

"Mukhomepo thabwa lopingasa, ingabwerere," anatero, akukulunga chingwe bwinobwino asanandibwezere.

Alamu anagwada kuti apeze polakwika. Anagwedeza felemu, osasuntha. Anasuzumira kunsi, ndipo maso awo anagwera pachidindo chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, hamala ili m'manja. Kenaka anaiika pansi, nalowetsa chala chawo m'chidindomo. Chinakwana.

Sanatiyang'ane. Koma anayankhula mokweza, tonse tikumva.

"Achimwene, munayeza bwino. Ndikhululukireni. Nanunso alamu, ndikhululukireni."