Mendulo ya pa Kaliyala

Cedric atayimba foni kuti akubwera kumudzi kumapeto kwa Okutobala, Lufina anasesa m'chipinda cha alendo nayanika matiresi padzuwa. Ankaganiza kuti mlongo wakeyo wakumbukira bambo awo. A Benson anali atatha miyezi inayi osapitirira pakhonde, chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi ya ku Joni chitawagwira zolimba. Cedric, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi ku Blantyre, anali asanaponde ku Bwanje kwa zaka zitatu.

Anafika Lachisanu masana pa galimoto yake yofiira. Anagwada, napereka moni kwa bambo ake, nafunsa za chifuwa. Yankho lisanathe iye anali atayamba kale kutsitsa zikwama.

"Mawa ndikuthamanga, achemwali," anatero kwa Lufina. "Makilomita makumi asanu. Kuyambira pa Lizulu, kutsika mapiri onse aja, kudzathera pabwalo la sukulu pano."

"Akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe. Ndi mpikisano. Yakonza ndi kalabu yathu ya m'tauni."

"Mwezi uno?"

"Cholinga chake n'chomwecho. Tikufuna kutentha kwenikweni. Munthu sudzidziwa mpaka thupi litafika pothera."

A Benson anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anapukuta pakamwa. "Ife kutentha tinkakutsikira pansi pa nthaka, koma pakutha pa mwezi ankatilipira. Nanga iwe akupatsa zingati?"

"Timalipira ndife, bambo."

Mkuluyo anamuyang'ana mwana wake kanthawi, natembenukira kwa nkhuku zimene zinali zitayasama kukamwa pansi pa nkhokwe.

Madzulo Cedric anayala katundu wake pamphasa ngati wamalonda. Panali nsapato zimene anati n'zothamangira m'miyala yokhayokha, wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, timapaketi ta phala lotsekemera, ndi kachikwama ka kumsana kokhala ndi paipi yoyamwira madzi, yoti munthu wamkulu wandevu aziyamwa ngati thole. Tambala amene Lufina anamuphera anamukana, ati mafuta angamulemetse m'mimba. Anadziphikira supageti wopanda ndiwo, nadya akuyang'ana pafoni.

"Ukatsika m'chigwa muno uziyenda, usamathamange," Lufina anamuuza. "Uzinyowetsa mutu paliponse pamene wapeza madzi. Kuno ikakwana naini ngakhale mbuzi sizidya."

"Achemwali, ndakonzekera miyezi isanu ndi umodzi. Zimenezi zili ndi sayansi yake."

Lufina atafunsitsa, zinadziwika kuti kukonzekerako kunkachitikira pa makina, m'chipinda chouzira mphepo yozizira, munthu akuthamanga pamalo amodzimodzi. Zinadziwikanso kuti Cedric anali atapereka kale dzina la mlongo wake kwa okonza mpikisano kuti akaime pamalo omwetsa madzi. Sanamufunse. Loweruka limenelo linali tsiku lawo lolandira madzi a m'ngalande kumunda, ndipo ntchito yonseyo inagwera mwamuna wake, Yoramu, yekha.

Kusanache minibasi ya kalabu inamutenga Cedric kupita ku Lizulu. Okonza mpikisano anaika Lufina ndi amayi ena atatu pansi pa mlambe, pamene njira yotsika m'mapiri imakumana ndi ngalande, makilomita asanu ndi anayi kuti munthu akafike kusukulu. Woyang'anira anali mayi wina wa m'tauni, Emma, wovala chipewa chachikulu ngati lichero. Anawasiyira madzi a m'mabotolo, nthochi, ndi kope.

"Aliyense wodutsa pano muzilemba nambala yake ya pachifuwa," anatero. "Madziwa ndi a othamanga okha. Inu poti munazolowera."

Galimoto yake itachoka, amayiwo anayang'anana. Palibe anaseka.

Woyamba anatulukira itangokwana teni. Sanali wa kalabu. Anali Geoffrey, bambo wonyamula matumba a kachewere pamsika wa Lizulu, amene a kalabu anamulembetsa kuti pachithunzi paoneke munthu wa m'deralo. Anavala nsapato za pakaunjika ndi kabudula wampira. Anamwa, nadzithira otsalawo pamutu, nati, "Zikomo amayi," n'kumapita.

Panapita ola lathunthu asanafike a m'tauni. Ankabwera mmodzimmodzi, milomo itayera, miyendo ikupepesuka. Wina anagwada pansi n'kumalira. Wina, atangopeza mpweya, anapereka foni kwa mnzake kuti amujambule akuthiridwa madzi, napempha Lufina kuti asenze ndowa n'kuima kumbuyo kwake kuti paoneke kuti ndi kumudzi. Lufina analemba nambala yake m'kope natembenukira kwina. Njira imene anthuwa ankaililira ndi imene iye ankakwera atasenza mpunga wokagulitsa kumtunda, ali ndi pakati pa mwana wake woyamba, Tikondwe, ndipo palibe anamudikirirapo ndi nthochi.

Pofika masana nthaka inkawotcha kupyola patapata. Mlambe unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, mthunzi wake unali wa thunthu lokha, ndipo amayi anayiwo ankasendera nawo. Madzi a m'mabotolo anafunda ngati tiyi. Galimoto ya kalabu inadutsa kawiri itanyamula anthu ogona chogona. Lufina anawerenga manambala m'kope kuchokera pamwamba mpaka pansi. 27, nambala ya Cedric, panalibe.

Itadutsa wani koloko kunafika bambo wina wonenepa akuyenda ndi ndodo. Lufina anamufunsa za munthu wa malaya achikasu.

"Cedric? Tamusiya pa kamtsinje kouma kaja. Akuti akupuma pang'ono."

Lufina anatseka kope. Munda wawo unali pafupi, ndipo anakuwira mwamuna wake amene anali m'matope mpaka m'mawondo.

"Abambo a Tikondwe, tengani njinga. Alamu anu akudzidziwa kuthengo uko."

Anamupeza makilomita awiri kumtunda, atagona chagada pansi pa mtengo waminga umene mthunzi wake sukanakwanira ngakhale galu. Anali atasanza phala lake lija pamalaya. Wotchi inkalira pamkono. Lufina anamugwira pamphumi napeza khungu louma, lotentha ngati chiwaya, lopanda thukuta ndi dontho lomwe.

"Cedric. Iwe Cedric."

Maso anatsekuka, koma sanamuzindikire. "Amayi," anatero ndi mawu a mwana, "ndifunditseni, ndikumva kuzizira."

Mayi awo anamwalira zaka khumi zapitazo. Chipongwe chonse chimene Lufina anali atakonzekera m'njira chinamuthawa. Anamasula chitenje chake, namumangirira nacho mlongo wake pa kaliyala, iye atamugwira m'mapewa, Yoramu akukankha njinga pamiyala. Atafika pa ngalande sanataye nthawi ndi mabotolo. Anamutsitsira m'madzi momwemo, nsapato ndi wotchi zomwe, madzi n'kumulekeza m'khosi. Lufina analowa naye, atamugwira mutu kuti usamire. Mmodzi wa amayi aja anabweretsa thobwa limene anatengera nkhomaliro yawo, nathiramo kamchere, ndipo anamumwetsa pang'onopang'ono ndi chivindikiro cha botolo.

Anakhala m'madzimo theka la ola. Kenaka maso anabwerera m'malo mwake, nayang'ana mlambe, nayang'ana mlamu wake, nakweza mkono.

"Wotchi yanga mwainyowetsa," anatero.

Lufina anamusiya mutu, natuluka m'ngalande.

"Mutengereni kuchipatala," anauza Yoramu. "Ine ndikutsatirani."

Anamukulunga chitenje chonyowacho m'khosi, namukhazikanso pa kaliyala. Yoramu anapalasa makilomita asanu ndi anayi aja pa dzuwa la thu koloko, atanyamula munthu wa makilogalamu makumi asanu ndi atatu amene ankamutsamira pamsana. Lufina anabwereka njinga ya mnzake, naika kope m'malaya, n'kumabwera pambuyo.

Msewu wa kuchipatala umadutsa kuseri kwa tchalitchi, ndipo tchalitchicho chinayandikana ndi sukulu. Atafika pamenepo nyimbo za pabwalo zinkamveka, ndi mawu a munthu wa pachimkuzamawu akuitana manambala. Cedric anagwira malaya a Yoramu.

"Alamu, taimani apa."

"Mukufuna kusanza?"

"Ayi. Ndingomaliza. Kwatsala pang'ono, si apa pomwepa."

"Achemwali anu anati kuchipatala."

"Tipita. Mphindi zisanu zokha, alamu. Akutseka fili koloko."

Yoramu anali munthu woti sadziwa kukana mlendo. Anatsitsa phazi pansi. Lufina atafika anangopeza mwamuna wake ataima yekha ndi njinga, ndipo patsogolo, pakati pa mitengo ya bulugama, malaya achikasu akudzikoka kulowera kubwalo.

Lufina anafika pa nthawi yake yoti aone zonse. Cedric atayandikira chingwe anayamba kuthamanga, nakweza manja onse awiri kumwamba. Anzake anaimba m'manja ndi malikhweru. Mtsikana wina anamuveka mendulo pamwamba pa chitenje chija. Wina anamulozetsa foni kumaso namufunsa mmene zinalili.

"Chigwachi si masewera," anatero Cedric akupuma movutikira. "Pena ndinaona mdima. Koma pamene pavuta, palibe angakunyamule. Umadzinyamula wekha."

Yoramu anali ataima mapazi khumi kuchokera pamenepo, malaya atamatirira kumsana, matope atauma m'miyendo. Anamva. Anangoyang'ana pansi n'kumakanda tayala ndi chala cha kuphazi. Pansi pa tenti panali bokosi la madzi ozizira, koma palibe anamuitana.

Lufina anali atatsimikiza zongopereka kope n'kumapita kwawo. Mlongo ndi mlongo, ngakhale akhale wotani. Anapereka kopelo kwa Emma natembenuka. Sanayende kutali.

"Mayi, tabwerani." Emma ankayendetsa cholembera pa manambala. "27 wamaliza, koma kwa inu sanalembedwe. Ndinakuuzani bwinobwino m'mawa muja. Kulemba nambala kokha kukuvutani? Ili ndiye vuto logwira ntchito ndi anthu akumudzi, chilichonse mpaka uwaimirire."

Lufina anabwerera mosafulumira. Sanakweze mawu.

"Sindinaiwale, mayi. Munati tizilemba othamanga. Ameneyo anadutsa pa kaliyala."

"Pa chiyani?"

"Pa kaliyala ya njinga iyo. Tinakamutola kumtunda kwa mlambe, tinamuviika m'ngalande, ndipo bambo awa amupalasira mpaka kuseri kwa tchalitchi. Ngati pali mendulo ya makilomita khumi ndi imodzi omalizawo, mwini wake ndi awo."

Anthu amene anali pafupi anatembenuka. Cedric anabwera akudzikoka, kumwetulira kusanachoke pankhope.

"Achemwali akuseka chabe," anatero. "Anangondithandiza pang'ono pa madzi."

Emma anayang'ana Yoramu. "Bambo, ndi zoona?"

Yoramu anavula chipewa. "Kulemera amalemera ndithu, mayi," anatero.

Geoffrey, amene anali atakhala pa benchi akudya nzimbe chimalizireni m'mawa, anaseka mpaka kutsamwa. Ena a kalabu anayang'ana kumbali, ena anatulutsa mafoni. Emma anatambasula dzanja. Cedric anavula mendulo, ndipo chingwe chake chinakola m'chitenje, moti anavutika nacho nthawi yaitali anthu onse akuyang'ana. Atangoipereka mawondo ake anapinda, nakhala pansi pafumbi, nasanza thobwa lija. Ulendo uno palibe anamufunsa maganizo ake. Anamukweza m'galimoto ya kalabu, ndipo kuchipatala anamuika madiripi awiri.

Anatuluka Lamulungu m'mawa. Anabwera kunyumba kudzatenga galimoto anthu akukonzekera kupita ku tchalitchi, nalongedza zikwama mwakachetechete. Atatseka buti anaima pafupi ndi Lufina, osamuyang'ana.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga, achemwali. Anthu aja ndimagwira nawo ntchito."

"Alamu ako wawathokoza?"

"Ndiwatumizira kenakake pafoni."

"Ali kuseriko, akukonza tcheni. Pakamwa sipafuna netiweki."

Cedric anayang'ana kuseri kwa nyumba, nayang'ana wotchi yake imene inali itasiya kugwira ntchito, nati msewu wa Blantyre ndi wautali. Anatsanzika bambo ake ali chiimire, nalowa m'galimoto.

Lachitatu Tikondwe anabwera kuchokera kusukulu ya sekondale foni ya mnzake ili m'manja. "Amayi, taonani amalume."

Chinali chithunzi chimene anajambula mendulo isanalandidwe. Cedric anali atakweza manja, mendulo ili pachifuwa, mano onse panja. Pansi pake analemba m'Chingerezi, ndipo Tikondwe anamasulira: makilomita makumi asanu, chigwa cha moto, ndagonjetsa. Anthu oposa mazana awiri anali atamuyamikira. Wina anafunsa za nsalu yokongola ya m'khosiyo, ndipo Cedric anayankha kuti ndi njira ya makolo yoziziritsira thupi, imene anaifufuza yekha asanapite ku mpikisano.

Lufina anaibweza foniyo.

"Umulembere pamenepo," anatero, "kuti mwini wake wa njira ya makoloyo akuifuna. Nsaluyo ndi ya Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndimavala Lachinayi."

Tikondwe analemba mawu onsewo monga mmene anawanenera. Pofika madzulo anali atafufutidwa.