Tsiku Limene Salome Anazimitsa Njinga ya Kapitawo

Salome ndi mwamuna wake Harrison anachoka ku Phalombe zaka zinayi zapitazo kudzalima fodya monga matenanti pa esiteti ina ya ku Kasiya. Pamalopo panali mabanja khumi ndi awiri, ndipo chithyokere mjigo wawo, onse ankatunga pachitsime cha kudambo, pafupi ndi nazale ya fodya.

Mu Okutobala madziwo anayamba kununkha. Salome anali woyamba kuzindikira, poti ankalawirira anzake asanavundule. Fungolo linali la mankhwala opopera nazale. Tsiku lina anaona yekha aganyu akutsukira mapampu pamwala woikapo zidebe, madzi otuwa ngati mkaka akutsetserekera m'chitsime. Sabata yomweyo mwana wake wamkazi Tiyamike anayamba kusanza, ndipo ana ena atatu ankalira m'mimba.

Woyenera kuuzidwa anali a Joseph, kapitawo wa esitetiyo. Sanali munthu wankhanza, koma anali ndi khalidwe limene aliyense ankalidziwa. Ankafika pa njinga yamoto, osaizimitsa, osatsikapo, foni ili m'manja. Munthu akangoyamba kuyankhula, iwo ankakhala atamumalizira kale mumtima mwawo. Poti ambiri ankawaimitsa pofuna chimanga, kwa iwo tenanti aliyense woima m'mbali mwa msewu anali wanjala basi.

Ulendo woyamba Salome anagwada n'kuyamba kunena kuti ana akudwala. A Joseph anamuyankha kuti chimanga chibwera Lachisanu, n'kunyamuka. Ulendo wachiwiri anafika potchula chitsime, koma foni inalira. Atamaliza kuyankha foniyo, anamuuza kuti mikangano ya amayi ya pachitsime azithetsa okha.

Harrison anamuchonderera mkazi wake kuti aisiye nkhaniyo. Anati iwo ndi obwera, kwawo n'kutali, ndipo akatchuka ndi mwano sadzapatsidwanso munda. Salome anamufunsa ngati akufuna kudzabwerera ku Phalombe ndi mbiri yabwino koma opanda mwana.

Lolemba m'mawa a Joseph anasonkhanitsa matenanti onse pachigafa kuti awauze za kuokera fodya. Anayankhula ali panjinga, injini ikulira, moti okhala kumbuyo ankangoona milomo ikugwedezeka. Pomaliza anati palibe mafunso eti, phazi lili kale pa giya.

Salome anaimirira. Sanagwade. Anadutsa pakati pa azibambo, anatembenuza kiyi wa njingayo, anauzula, n'kuumanga pansonga ya chitenje.

"Mayi, mwapenga kodi?" anafunsa a Joseph.

"Sindinapenge, a Kapitawo. Kawiri konse ndakuimitsani, kawiri konse mwandiyankha. Tandiuzani pamaso pa anthuwa, ndinanena chiyani?"

Iwo anati chimanga. Salome anapukusa mutu. Anati mikangano ya amayi. Anapukusanso. Kumbuyo wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Joseph anamuopseza kuti akamunenera kwa mwini esiteti, ndipo Salome anati akanene ndithu, koma apita wapansi. Kenako Salome anaika lamulo lake.

"Foniyo ilowe m'thumba. Ndiyankhula mpaka nditamaliza. Mukabwereza zimene ndanena, kiyi ndikupatsani."

A Joseph anayang'ana kwa azibambo kuti wina amudzudzule mayiyu, koma palibe anamudzudzula, ngakhale Harrison amene. Anatsika panjinga n'kuika foni m'thumba.

Salome anafotokoza zonse: fungo, mapampu, mwala uja, ana anayi ndi mayina awo. Kawiri a Joseph anayesa kumudula. Iye ankangosiya kuyankhula n'kuwayang'ana mpaka atatseka pakamwa, kenako n'kupitiriza pomwe analekezera. Atamaliza, a Joseph anabwereza mofulumira kuti mayiyu akuti aganyu akuthira poizoni m'madzi mwadala. Salome anati sananene zimenezo, ndipo anayambiranso. Ulendo wachiwiri kapitawoyo anabwereza pang'onopang'ono, ndipo pofika pa ana aja mawu ake anali atatsika.

Kenako a Joseph anati nawonso ali ndi mawu. Anavomera kuti ndi iwo amene anauza aganyu kuti azitsukira kumeneko, popeza mtsinje unaphwa. Salome anatsegula pakamwa kuti awamalizire, poti anali atatsimikiza kale kuti munthuyu sawerengera ana a matenanti. Mnzake Natalia, wa nyumba yoyandikana nayo, anamukoka chitenje n'kumunong'oneza kuti lamulo losadula munthu mawu waliika ndiwe wekha. Salome anameza mawu ake, ngakhale zinamuwawa, n'kudikira.

A Joseph anati iwo ankaganiza kuti anthu amamwa madzi a pamjigo, ndipo chitsimecho n'chothirira nazale chabe. Sankadziwa kuti mjigo unathyoka.

"Unathyoka mu Ogasiti," anatero bambo wina wachikulire, a Abrahamu. "Ndinakuuzani ndine. Munati chimanga chibwera Lachisanu."

Apa palibe anaseka. Salome anamasula kiyi n'kuupereka ndi dzanja limodzi.

Tsiku lomwelo aganyu anakumba dzenje lotsukirapo mapampu kumtunda, kutali ndi dambo, ndipo azibambo anakapa chitsime chonse. Ana anayi aja anawatengera kuchipatala pa thirakitala ya esiteti, ndipo anachira. Mjigo unatenga masabata atatu kuti ukonzedwe, ndipo masiku onsewo amayi ankayenda mtunda wautali kukatunga kumudzi woyandikana nawo. Ena ankang'ung'udza m'njira kuti zonsezi wawaputira ndi Salome.

A Joseph sanamupatsenso moni mpaka mvula itagwa. Harrison anamva mphekesera yoti dzina lawo lafika kwa mwini esiteti, ndipo anamuuza mkazi wake akuokera fodya kuti mwina chaka chamawa azifunafuna kwina. Salome anakumba phando lina, anaikamo mbande, n'kuitsindira ndi zala. Anati mwini esitetiyo akawaitana iye apita yekha, ndipo bwanayo nayenso adzayamba wamva nkhani yonse asanawathamangitse.